Supuni Imodzi ya Mtsinje

5 Meyi

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino, inu pamodzi ndi achemwali. Bambo nawonso muwapatse moni wanga, ngati angaulandire. Ine kuno ndili bwino.

Ndili ndi nkhani yabwino. Boma lakhazikitsa ndondomeko ya kafukufuku ndi maphunziro oteteza madzi kuti asaipitsidwe, ndipo mwa ophunzira ambirimbiri amene tinapempha malo, atisankha khumi ndi awiri okha. Ine ndili m'gulu limenelo. Aliyense wauzidwa kuti asankhe mtsinje umodzi, azitunga madzi ake Lolemba lililonse kwa masabata asanu ndi limodzi, ndi kuwayeza mu labotale. Ine ndasankha mtsinje wathu wa kuseri kwa galaja ya Bambo, ndipo sindinausankhe mwangozi. Pa tchuthi chapitachi, nditawauza kuti oyilo wakuda amene amathira mu ngalande akupha mtsinje, anandiyankha kuti madzi oyenda sasunga litsiro, makasitomala awo n'kundiseka. Tsopano ayankhidwa ndi makina, ndipo makina saopa imvi za munthu.

Vuto ndi lakuti Lolemba ndimakhala ndi makalasi, ndipo ulendo wa kwathu ndi wautali. Choncho ndatumiza bokosi loziziritsali kudzera kwa adalaivala a basi ya m'mawa. M'katimo muli mabotolo asanu ndi limodzi ndi magolovesi. Chonde tsatirani izi mosaphonya. Mutunge chakumunsi pang'ono kwa pomwe ngalande imathirira mu mtsinje. Botolo musalitsuke, ndi loyera kale kuposa chiwiya chilichonse cha m'nyumba mwathu. Musakhudze kukamwa kwake. Mukatseka muliike pa ayezi, ndipo mulipereke kwa adalaivala basi isananyamuke. Bokosi lizibwerera kwa inu Lachisanu.

Malo amenewa ndi moyo wanga, Amayi. Amene adzamalize bwino adzapitiriza maphunziro a ukatswiri wa madzi chaka chamawa. Ndikudalira inu.

Ine mwana wanu.

12 Meyi

Profesa,

Moni wako tinaulandira. Tonse tili bwino, kupatula khutu langa lakumanzere, limene Amayi akhala akulankhuliramo chitengereni cholemberachi. Akuti ndikufunse ngati ukudya, ngati chifuwa chija chinatha, komanso chifukwa chake kalata yako yonse ilibe funso ngakhale limodzi lokhudza bondo lawo.

Zoti botolo lako ndi loyera kuposa ziwiya za m'nyumba muno ndinawawerengera kawiri, chifukwa koyamba sanakhulupirire. Kenaka anatulutsa makapu awo onse n'kumawaunika padzuwa. Mlandu umenewo udzayankha wekha ukadzabwera.

Botolo loyamba ndi limenelo. Ine sindinalikhudze, ndimatsegula saluni m'mawa. Amayi ndiwo analawirira, atavala magolovesi ako aja ndi diresi yawo ya maluwa imene amaisungira alendo. Aneba onse akudziwa tsopano kuti Amayi alembedwa ntchito ya unamwino.

Bambo moni wako anaulandira ali pansi pa lole. Anati, "Mumuuze ayezenso mpweya, popeza ndimapumiranso pafupi ndi mtsinjewo." Kenaka anapempha sipanala.

Dzulo Amayi anandifunsa ngati madzi a anzako khumi ndi mmodzi aja nawonso akaonedwa ndi aphunzitsi omwewo, pa tebulo limodzi ndi ako. Ndinati mwina. Anangoti "ehe," n'kutuluka.

Ndine achemwali ako, amene ndinakuphunzitsa kumina boma lisanakudziwe.

24 Juni

Olemekezeka Bambo,

Landirani moni wanga. Ndikhulupirira kuti ntchito ikuyenda ndipo msana sukukuvutitsani. Kalata iyi yandivuta kulemba, koma munthu amene amafuna kuti ena azigonjera umboni ayenera kuyamba ndi iye mwini.

Mabotolo onse asanu ndi limodzi tawayeza. Ndinkayembekezera kupezamo oyilo, mtovu wa m'mabatire, ndi tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba. Oyilo wapezeka wochepa kwambiri moti makina anachita kumufunafuna. Ndinabwereza kuyeza katatu. Ndinanena kuti makinawo ndi owonongeka, mpaka woyang'anira labotale anandichenjeza kuti ndikapitiriza kuwanyoza anditulutsa. Zoona zake ndi zakuti pa mitsinje khumi ndi iwiri, wathu ndiwo woyera koposa. Mnzanga amene amatunga m'phiri mopanda nyumba ngakhale imodzi ali pa nambala yachiwiri, ndipo wasiya kundilankhula.

Mmene zikuchitikira sindikumvetsa. Mwina mabango a m'mphepete aja akusefa madzi mwa njira imene akatswiri sanaitulukire, ndipo ndayamba kale kulemba maganizo anga pa zimenezo. Koma chimene ndikudziwa ndi ichi: ndinakunenani pamaso pa makasitomala anu kuti mukupha mtsinje, ndipo umboni wanditsutsa. Ndikupempha modzichepetsa kuti mundikhululukire.

Ine mwana wanu.

30 Juni

Profesa,

Tili bwino, koma wachita chiyani iwe?

Kalata yako Bambo anaikuta ndi pulasitiki n'kuikhomera pakhoma la galaja, pakati pa kalendala ndi laisensi. Munthu akabwera kudzangopopetsa tayala, ayenera kuimvera kaye yonse. Mawu oti "umboni wanditsutsa" amawawerenga kawiri, kachiwiriko akuloza ndi chala cha girizi, moti pamenepo pepala lada kale.

Kale oyilo ankamuthira mu ngalande akuyang'ana uku ndi uku. Pano amamuthira dzuwa lili paliwombo, akuimba mluzu. Mayi wochapa zovala wa kumunsi uja anabwera ndi nsalu ya pabedi ya kasitomala wake, yoyera kale koma tsopano ya mawangamawanga ngati nkhanga. Bambo anamuuza kuti akadandaule ku yunivesite.

Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma mphuno ndili nayo. Mu mtsinje umenewu ngakhale achule anasamukamo osatsanzika. Ngati makina anuwo akuti ndi woyera, muwagulire mankhwala a chimfine.

Amayi ndiwo akungoyenda akumwetulira ngati atola kanthu. Auza aliyense, mpaka wogulitsa makala, kuti mwana wawo wakhala nambala wani. Bondo lija lasiya kuwawa, ngakhale sunafunsebe.

Achemwali ako.

8 Julayi

Achemwali,

Moni. Pepani za bondo la Amayi, muwauze kuti ndafunsa. Za mphuno yanu ndingoti mphuno si chipangizo chovomerezeka pa kafukufuku.

Pali nkhani yaikulu. Adokotala amene amatiyang'anira, amene timawatcha Mayi Umboni chifukwa sangakuyankheni "mwadzuka bwanji" musanawatsimikizire kuti kwachadi, achita chidwi ndi zotsatira zanga. Mwezi wamawa abwera kumeneko ndi akuluakulu a ku unduna woona za madzi, pamodzi ndi anthu makumi atatu amene boma likuwaphunzitsa ntchito yoyendera mitsinje, kuti adzaone mtsinje wachitsanzo. Akufuna kuti Bambo adzaime kutsogolo ndi kufotokoza mmene amasamalira oyilo wakale. Ndikupempha kuti adzavale ovolosi yochapa.

Pali kanthu kenanso kakang'ono kamene ndikukuuzani inu nokha. Malamulo a ndondomekoyi amati wofufuza azitunga madzi ndi manja ake, ndipo pa fomu ya botolo lililonse ndinasaina kuti wotunga ndine. Sindikuliona ngati bodza lenileni, popeza malangizo onse anali anga, ndipo manja a mayi ndi manja a mwana wake. Komabe, alendowo akadzabwera, Amayi asadzatchule za magolovesi. Muwapemphe andiuze malo enieni amene ankaimapo potunga, kuti ndidzawaloze mosakayika.

Ine mlongo wanu.

14 Julayi

Mwana wanga,

Uli bwanji kumeneko? Lero ndalemba ndekha, chifukwa nditamufotokozera mlongo wako zoti alembe anayamba kuseka mpaka cholembera kumugwa. Sindikudziwa chosekesa n'chiyani.

Wafunsa pomwe ndinkaima. Tsiku loyamba ndinaimadi pomwe unanena paja. Ndinaviika botolo, n'kulikweza padzuwa. Mayo ine, zimene ndinaona! Madzi akuda bii, pamwamba utawaleza, m'kati mukuyandama chinthu chimene sindingachitchule m'kalata. Ndinadzifunsa kuti, zimenezi zikakhale pa tebulo pamaso pa aphunzitsi, pambali pa mabotolo a ana a eni ake, dzina la mwana wanga lili pamwamba? Ine ndinakulera iwe osapitapo kusukulu ndi kolala yakuda ngakhale tsiku limodzi. Aphunzitsi akamayendera zikhadabo, iwe ankakuimika kutsogolo. Ndiye ndiyambe kukuchititsa manyazi lero uli ku yunivesite?

Ndinakhuthula, n'kulitsuka bwinobwino ndi madzi otentha. Unanena kuti ndisatsuke, koma unali usanaone zimene zinalowamo. Kenaka ndinapita pa mjigo wa kuseri kwa sukulu ya pulayimale, umene madzi ake aliyense amawayamikira, n'kudzaza pamenepo. Masabata enawo ndinkangodzaza ku mjigo.

Koma poti ine si munthu wabodza, m'botolo lililonse ndinkathiramo supuni imodzi ya madzi a mumtsinje, kuti ukamanena kuti ndi a mtsinje wathu mtima usakutsutse. Sabata yachinayi ndinalakwitsa, ndinathira ziwiri. Undikhululukire ngati zinakuchepetsera malikisi.

Alendo akowo ndidzawalandira bwino. Koma uwauziretu kuti asavutike kupita kumtsinje, kulibe chabwino choti akaone kumeneko. Ndidzawaperekeza ndekha ku mjigo.

Bambo ako sindinawauze. Za ana n'za amayi. Uzivala juzi m'mawa.

Amako.

17 Julayi

Amayi ndi Bambo,

Moni. Achemwali akuwerengereni kalata iyi nonse awiri muli pamodzi, ndipo asadumphe mzere.

Amayi, kalata yanu ndinaiwerenga nditaimirira pakhonde la labotale, ndipo ndinaimaliza nditakhala pansi. Sabata yachinayi oyilo anakweradi kuwirikiza kawiri. Ine ndinalemba masamba atatu kufotokoza kuti sabata imeneyo mabango anali atatopa. Masamba amenewo anawerengedwa ndi anthu a madigiri atatuatatu. Ndikufuna mumvetse, Amayi, kuti pa ntchito imeneyi sapereka malikisi kwa mwini madzi oyera. Timayeza kuti tidziwe chimene anthu akumwa ndi kuchapira. Madzi akuda aja ndiwo anali yankho lolondola, ndipo inu munalikhuthula.

Komabe sindingaloze inu chala n'kubisa changa. Ndinatuma ntchito imene ndinalumbira kuti ndigwira ndekha, ndipo ndinasaina bodza kasanu ndi kamodzi. Dzulo ndinapita kwa Mayi Umboni n'kuwauza zonse. Sanakalipe. Anavula magalasi, kenaka anaimba foni ku unduna kuti ulendo uja uyambe waima.

Pa 29 Julayi ndikaonekera pamaso pa komiti. Mlandu wosaina bodza ndauvomera. Koma pali wachiwiri, umene ukandigwira andichotsa mu ndondomekoyi ndipo sindidzaloledwanso: akukayikira kuti ndinasintha madzi dala pofuna kuteteza galaja ya bambo anga. Ine! Munthu amene ndinasekedwa ndi makasitomala chifukwa chotsutsa galaja yomweyo!

Kuti andikhulupirire akufuna zinthu zitatu. Kalata ya Amayi yofotokoza zimene anachita ndiponso kuti ine sindinkadziwa. Botolo limodzi la madzi enieni, ndipo ndatumiza latsopano. Chachitatu, Bambo, ndi chikalata chimene ndaika m'bokosimo, chonena kuti oyilo wa pa galaja yanu amathiridwa mu ngalande, kuti ine ndinakutsutsani pa zimenezo, ndiponso kuti mukulola oyendera mitsinje kudzayeza pamalopo. Sindikubisirani, mukasaina adzabweradi. Mukapanda kusaina, ine ndibwera ndi katundu wanga.

Kupepesa kwanga kwa pa 24 Juni ndakubweza. Chonde kuchotsedwe pakhoma.

Ine mwana wanu.

21 Julayi

Profesa,

Moni ndilibe, m'nyumba muno muli nkhondo.

Ndinawerenga osadumpha mzere monga unalamulira. Nditafika pa supuni, Bambo anatembenuka n'kuwayang'ana Amayi ngati galimoto imene yabwera ndi vuto lachilendo. Anati, "Ndiye kuti ine mwezi wathunthu ndakhala ndikuwerengera anthu za mjigo?" Amayi anati, "Ndipo mumawerenga bwino."

Kalata ya Amayi ndi imeneyo, masamba anayi. Tsamba loyamba likufotokoza za supuni. Atatu enawo akufunsa aphunzitsi ako kuti analeredwa ndi ndani, anthu okonda madzi akuda. Ndinawapempha kuti tichotse masamba atatuwo, anakana, akuti ndiwo mutu wa nkhani.

Botolo ndi chikalata sizikubwera. Bambo akana. Akuti, "Anandinyoza pagulu, anandipepesa pa pepala, tsopano akufuna ndidzinyoze ndekha pa pepala, ndisainenso?" Akutinso anthu a boma akalowa pageti satuluka chimanjamanja, atseka galaja, ndiye tidzadya mabango ako otopa aja. Ndinawafunsa kuti pakati pa galaja ndi mwana chinayamba kubwera n'chiyani. Anati galaja. Ndinawerengera zaka, n'zoonadi. Pamenepo ndinaluza.

Kalata ija anaichotsa pakhoma, koma pomwe inali pakuoneka poyera, ndipo makasitomala akumafunsa kuti Profesa wapita kuti.

Tsopano ndikuuze monga mkulu wako. Bambo akulakwa, ndipo akudziwa, n'chifukwa chake akukalipira aliyense mpaka jeke yokwezera galimoto. Koma iwe unabwera kwa iwo ngati wapolisi, osati ngati mwana. Munthu wamsinkhu wawo sumupanikizira pakona n'kumupatsa cholembera. Akadakhala ndi potulukira akadatuluka kale. Ndiyesanso, koma usandidalire kwambiri.

Achemwali ako.

28 Julayi

Iwe,

Ndasaina. Pomwe pada ndi chala changa, sindinapeze sopo.

Adalaivala akuti madzulo alionse umaima pa depoti utavala tayi, kufunafuna bokosi pansi pa basi ngati wakuba matayala, kenaka n'kubwerera. Lachisanu bokosi linabwera lopanda kalata. Anthu a m'basi ayamba kufunsa kuti ndiwe mwana wa ndani. Zimenezo sindikuzifuna.

Botolo ndatunga ndekha pomwe unanena. Ndinali ndisanatsikireko zaka zambiri, ine ndimathirira kumtunda. Sindinena zimene ndaona, makina ako anena. Amako anafuna kulipukuta kunja kokha, ndawakaniza. Anafuna kuikamo kalata yopepesa aphunzitsi chifukwa cha fungo, ndawakanizanso.

Ukawauze akomitiwo kuti iwe sunanditetezepo chibadwire, ngakhale pa nkhani ya mpira.

Bambo ako.

30 Julayi

Okondedwa Bambo,

Landirani moni ndi kuthokoza kwanga. Sanandichotse.

Bokosi linafika madzulo a tsiku lomwe munalitumiza. Titatsegula botolo, woyang'anira labotale anatsegula mazenera onse n'kunena kuti tsopano ndabweretsa chinthu choyenera makina ake. Akomiti anawerenga chikalata chanu, kenaka kalata ya Amayi, masamba onse anayi, mokweza. Pa tsamba lachitatu Mayi Umboni anatuluka panja, ndipo amene anali pakhonde akuti anawaona akuseka atagwira khoma. Palibe amene akuwakhulupirira.

Chilango chilipo ndipo n'choyenera. Ntchito yanga yonse ya masabata asanu ndi limodzi yafafanizidwa. Ndapatsidwa chenjezo lolembedwa limene likhala m'faelo yanga. Ndiyambiranso, ndizitunga ndi manja anga Lolemba lililonse, ndipo makalasi amene ndiphonye ndidzawabwereza anzanga ali pa tchuthi. Ulendo wa alendo uja uchitikabe kumapeto kwa mwezi wamawa, koma mutu wake wasintha: adzaphunzira mmene galaja imodzi ingaphere mtsinje. Anditsimikizira kuti akudzaphunzitsa, sakudzatseka, malinga ngati adzapeze kuti kuthira kwasiyidwa.

Choncho, Bambo, kuyambira lero oyilo asalowenso mu ngalande ngakhale dontho limodzi. Mtsinje si wa banja lathu lokha. Ndi wa mayi wochapa uja, ndi wa ana amene sanabadwe, ndi wa dziko lonse. Mbadwo wathu sudzakhululukidwa ukakhala chete.

Ine mwana wanu.

4 Ogasiti

Iwe,

Tili bwino. Ndamva kuti sanakuchotse. Amako akuti ndi chifukwa cha tsamba lachitatu.

Za mbadwo ndawerenga. Oyilo ndinasiya kuthira tsiku lomwe ndinatsikira kumtsinje, sindinadikire kalata yako. Ndikumuika mu mgolo wa buluu wa kuseri kwa chitseko. Mgolowo unadzaza Lachinayi. Ndinabwereka wina kwa wowotcherera zitsulo, Loweruka unafika pakati. Mawa kukubwera malole awiri odzasintha oyilo. Beseni la amako ndalitenga kale, sakudziwa.

Mlongo wako wandiwerengeranso makalata ako onse kuyambira loyamba. Muli pomwe oyilo sayenera kupita. Mulibe pomwe ayenera kupita. Ndafunsa amakaniko anzanga, onse akuti mu ngalande.

Ndiye poti Lolemba likubwerali ukubwera, uyambe wadutsa kwa Mayi Umboni akowo, ndi kwa a unduna, ndi kwa onse a madigiri atatuatatu, uwafunse kuti munthu amapita naye kuti oyilo wakale. Ubwere ndi yankho. Ukalephera, ubwere ndi mgolo. Ukabwera chimanjamanja, m'chipinda chako muli malo okwana migolo inayi, ndayeza kale.

Bambo ako.